Zaka zinayi za National Wake

Mu 1981 kampani yojambula nyimbo ya WEA ku Johannesburg inatulutsa chimbale cha bandi yotchedwa National Wake. Zimbale zimene zinagulidwa zinali pafupifupi 700 zokha, kenaka chimbalecho chinachotsedwa pamsika chifukwa boma linali litaipanikiza kampaniyo. Chaka chotsatira bandi inatha. Woimba wa masiku ano atamva zimenezi angaganize kuti anali anyamata amene anangoyesa mwayi, zitawakanika n'kubwerera kwawo. Ayi ndithu. National Wake ndiyo bandi yoyamba ya punk ku South Africa imene munali anthu akuda ndi azungu pamodzi, ndipo luso inali nalo, anthu oikonda analiponso. Chimene chinaipha n'chakuti anyamatawo ankagona nyumba imodzi, kudyera mbale imodzi ndi kukwera nsanja imodzi, m'dziko limene malamulo ake anakonzedwa kuti zoterezi zisachitike.

Bandiyi inabadwa mu 1978, mzinda wa Johannesburg udakali ndi mabala. Pa 16 Juni 1976 ana asukulu a ku Soweto anaguba mumsewu kukana kuphunzitsidwa m'chinenero cha Afrikaans. Apolisi anawathira zipolopolo, ndipo m'miyezi yotsatira anthu mazanamazana anaphedwa m'makomboni a dziko lonselo. Pa 12 Sepitembala 1977 Steve Biko anafera m'manja mwa apolisi. Patangotha mwezi umodzi boma linatseka nyuzipepala ya The World pamodzi ndi mabungwe ambiri a anthu akuda. Mu 1978 P. W. Botha, yemwe anali nduna ya zachitetezo, anakhala nduna yaikulu, ndipo mnyamata wachizungu aliyense ankayenera kukatumikira usilikali zaka ziwiri. Olimba mtima ambiri anali m'ndende, ena atathawira kunja, otsalawo ankayankhula motsitsa mawu.

Ivan Kadey anali mnyamata wachiyuda wobadwira mu Johannesburg momwemo, wokula ali wamasiye, ndipo ankaphunzira zojambula mapulani a nyumba pa yunivesite ya Witwatersrand. Ankakhala ndi anzake m'chinyumba chakale ku Parktown, dera la pamtunda kumene eni migodi ya golide anamanga nyumba zawo zikuluzikulu kalelo. Pofika zaka zimenezo zina mwa nyumbazo zinali zitakalamba, ndipo ophunzira ndi anthu aluso ankasonkherana lendi n'kumakhalamo ambirimbiri. Kunyumba ya Kadey kunkafika aliyense wokhala ndi gitala kapena ng'oma, anthu n'kumaimba mpaka usiku popanda wowauza zochita. Mmodzi mwa ofikawo anali Mike Lebesi, woomba ting'oma ta m'manja ndi kabelu kachitsulo. Kunabweranso anyamata awiri apachibale ochokera ku Soweto, Gary ndi Punka Khoza, ana a banja lachishangani limene boma linalisamutsa mokakamiza n'kukalitula kukomboni kumeneko. Gary anali atayamba kale kuimba m'mabandi a m'makomboni adakali mwana. Iye anatenga besi, Punka anakhala pa ng'oma, Kadey anagwira gitala n'kumaimba. Sipanapite nthawi, anyamata a ku Soweto aja anayamba kugona konko.

Mlandu unayambira pamenepo, ndipo kuti munthu aumvetse ayenera kuliona lamulolo pafupi. Lamulo la 1950 la Group Areas linagawa mzinda uliwonse potengera khungu, ndipo Parktown inali ya azungu. Lamulo lina la 1952 linkafuna kuti munthu wakuda aliyense woyambira zaka 16 aziyenda ndi chitupa, kabuku kamene eni dziko ankakatcha dompas. M'kabukumo munali chithunzi cha mwini wake, chidindo chosonyeza dera limene waloledwa kukhala, umboni wa msonkho, ndi malo amene bwana ankasainira mwezi uliwonse kutsimikiza kuti munthuyo akadali pantchito. Wopanda chidindo choyenera sankaloledwa kupitirira maola 72 m'tauni. Wapolisi aliyense ankatha kukuimitsa pamsewu n'kufunsa chitupa, ndipo ukachiiwala kunyumba unkakagona m'chitokosi. Komatu munthu wakuda ankatha kugona ku Parktown mwalamulo. Ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, ngati anali wophika kapena wosamalira maluwa wolembetsedwa ndi bwana wake. Amalawi amene anapita ku Joni paselufu, osadzera ku Wenela, ambiri anakalamba m'tizipinda timeneti ndipo ankatidziwa bwino. Chimene lamulo linkakana n'chakuti munthu yemweyo alowere khomo lakutsogolo, akhale pampando wa pabalaza ndi kugona m'chipinda cham'nyumba monga mnzake wa mwini nyumba. Gary ndi Punka analowera khomo lakutsogolo. Woimba ng'oma alibe bwana womusainira chitupa mwezi ndi mwezi, choncho tsiku lililonse limene ankadzuka m'nyumba imene ija anali atalakwira boma asanagwire n'komwe chida choimbira.

Nyimbo zimene anasankha zinachokera kutali. Punk inaphulika ku New York ndi ku London cha m'ma 1976, ili nyimbo ya achinyamata okwiya, osowa ntchito, otopa ndi akatswiri olemera a rock amene ankaimba nyimbo imodzi kwa mphindi khumi. Iwo ankati ukadziwa makodi atatu, yambitsa bandi. Gitala ankaikweza mpaka izilira mokalipa, ng'oma zikuthamanga, woimba akukuwa zimene zili kukhosi kwake, nyimbo n'kutha pa mphindi ziwiri kapena zitatu. Ku London achinyamata amenewa ankakhala m'madera amodzi ndi ana a anthu ochokera ku Jamaica, ndipo apolisi ankawasautsa onse. Ku kalabu ya Roxy mu 1977, Don Letts, mwana wa makolo a ku Jamaica, ndiye ankaika zimbale bandi ikapuma. Poti zimbale za punk zinali zisanachuluke, iye ankaika reggae, ndipo anyamata a punk anaikonda. Chaka chomwecho The Clash inaimbanso nyimbo ya Junior Murvin yonena za apolisi ndi mbava, ndipo Bob Marley, amene anali ku London atapulumuka chiwembu cha mfuti ku Kingston, anajambula Punky Reggae Party. Mu Epulo 1978 khamu la anthu linasonkhana ku Victoria Park kudzamvera The Clash ndi Steel Pulse pachionetsero chokana tsankho.

Ku London kusakaniza punk ndi reggae kunali kusonyeza mbali imene waima. Zitafika ku Johannesburg zinalemera kwambiri, chifukwa zimene anzawo ankaimba ngati chenjezo, kuno zinali zolembedwa kale m'buku la malamulo. Mabandi ena a punk analipo, monga Wild Youth ya ku Durban, koma anali a ana achizungu oimbira ana achizungu anzawo. National Wake inasiyana nawo ngakhale pa kamvekedwe. Reggae imafuna kudekha: besi ndiyo imatsogolera, gitala imangodula pang'onopang'ono pakati pa kugunda, ndipo ng'oma yaikulu imadikira mpaka kugunda kwachitatu. Punk imafuna liwiro ndi ukali. Kuti bandi ichoke pa china n'kulowa pa chinzake nyimbo isanagwe, pamafunika woimba besi ndi woimba ng'oma amene amamvana popanda kuyang'anana, ndipo ana a Khoza anali otero. Anabweretsa zimene anakula nazo ku Soweto, soul, funk ndi kavinidwe ka m'makomboni, n'kuziika pansi pa gitala yolusa ya Kadey. Ine ndimaona kuti mphamvu yeniyeni ya bandiyi inali pamenepa. Mabandi ambiri a punk ankanyadira kusadziwa kuimba, ndipo nyimbo zawo lero zimamveka ngati phokoso la nthawi yakale. Za National Wake zimavinitsabe, ngakhale kwa munthu amene sakumva mawu ake.

Mu 1979 anayenda ulendo woimba wotchedwa Riot Rock pamodzi ndi Wild Youth, Housewife's Choice ndi Safari Suits. Kuchokera ku Safari Suits, bandi ya ku Cape Town, kunabwera Steve Moni, amene pambuyo pake analowa National Wake ngati woimba gitala yotsogolera. Anthu anayi amenewa, Kadey, Moni, Gary ndi Punka, ndiwo amakumbukiridwa kwambiri, ngakhale kuti ena ankalowa ndi kutuluka monga zimakhalira m'bandi yokhala pakhomo limodzi.

Kupeza poimbira inali nkhondo payokha. Kuyambira mu 1965 zisangalalo zosakaniza mitundu zinkafuna chilolezo cha boma, ndipo malamulo a mowa sankalola kuti wakuda ndi mzungu amwere malo amodzi kupatula m'mahotela ochepa amene anapatsidwa chilolezo chapadera. Mwini kalabu akalola bandi yotereyi ankadziwa kuti laisensi yake ili pachiswe. Mbali inayo, mzungu wofuna kulowa m'komboni ankafunikanso chilolezo. Choncho kulikonse kumene bandi ingapite, theka la anthu ake linali pamalo osayenera. Akaimba m'tauni, ovutika anali Gary ndi Punka. Akapita kukomboni, Kadey ndi Moni ndiwo ankafunika pepala. Komabe anaimba mbali zonse ziwiri, m'timakalabu ta mumsewu wa Rockey ku Yeoville, kwa ophunzira, ndi m'maholo a m'makomboni ndi kumidzi kumene anthu ambiri anali asanaonepo mzungu akuimba kumbuyo kwa woimba ng'oma wakuda. Amalawi okhala ku Joni lero amaudziwa msewu wa Rockey ngati malo odzaza ndi anthu ochokera m'maiko onse a mu Africa. Nthawi imeneyo unali m'dera la azungu, ndipo kusakanikirana kumene kukuoneka ngati chinthu wamba leroku kunayamba ndi anthu ochepa olimba mtima ngati amenewa.

Nyimbo yawo yodziwika kwambiri ndi International News, ndipo nkhani yake ndi yofunika kuifotokoza. Mu 1975 asilikali a South Africa analowa mkati mwenimweni mwa Angola kukamenyana ndi gulu la MPLA. Dziko lonse lapansi linkawerenga za nkhondoyo, koma nyuzipepala za ku South Africa zinaletsedwa kulemba, moti makolo ankatumiza ana awo kunkhondo imene boma linkati kulibe. Pa 4 Meyi 1978 ndege ndi asilikali a South Africa anaukira msasa wa Cassinga ku Angola n'kupha anthu mazana angapo a ku Namibia. Ku South Africa nkhani zotere zinkafika zitasefedwa, ngati zafika n'komwe. Wailesi yakanema inali itangoyamba kumene mu 1976, ndipo inali m'manja mwa boma monga wailesi zonse za SABC. Munthu wofuna kudziwa zimene zachitika ku Soweto, mtunda woyenda mphindi zochepa pagalimoto, ankadalira wailesi zakunja. Nyimboyi ikunena zimenezo mosabisa, ndipo ikutchula Soweto ndi Angola ndi maina ake. Kwa anyamata achizungu amene ankayembekezera kalata yowaitanira ku usilikali, imeneyi sinali nkhani yakutali. Kwa anyamata akuda, magalimoto ankhondo omwewo ankawaona m'misewu ya kwawo. Bandi imene munali onse awiri inali ndi ufulu woiimba nyimboyo kuposa wina aliyense.

Nyimbo zina ankaikamo Chishangani, ndipo nazonso zinali ndi vuto lake. SABC inagawa wailesi zake potengera zinenero, ya Azulu payokha, ya Asotho payokha, ya Ashangani ndi Avenda kwina, ya Chingerezi ndi ya Afrikaans kwinanso, pofuna kuti mtundu uliwonse uzidziona wosiyana ndi unzake. Nyimbo yosakaniza zinenero inalibe kwawo. Kunalinso komiti yomvera chimbale chilichonse ndi kuwerenga mawu ake chisanaulutsidwe. Nyimbo ikakanidwa, ankalemba pachikuto kuti ipewedwe, ndipo nthawi zina ankatenga chitsulo chosongoka n'kukanda mizere ya nyimboyo pachimbale penipenipo, kuti ngakhale muulutsi wolimba mtima akaiike, singano ingolumpha. Zimbale zokandidwa choncho zilipo mpaka lero m'nkhokwe za wailesiyo. Bandi ngati National Wake sikanadutsa pakhomo limenelo, ndipo woimba amene wailesi siimuika amakhala wodziwika kwa okhawo amene anamuona ndi maso.

Chaka cha 1980 chinawapatsa mphamvu oimba reggae onse a kumwera kwa Africa. Mu Epulo, Bob Marley anaimba pa bwalo la Rufaro ku Salisbury usiku umene Zimbabwe inalandira ufulu. Chaka chomwecho Jimmy Cliff anaimba pa bwalo la Orlando ku Soweto. Peter Tosh anali atatulutsa kale nyimbo yodzudzula tsankho la ku South Africa mu 1977. Achinyamata a m'makomboni anayamba kuona kuti reggae ikunena za iwo, ndipo apolisi nawo anaona chimodzimodzi. Munthu wa tsitsi lopotana ndi chipewa cha mitundu itatu anasanduka wokayikiridwa. Umboni wa mmene boma linkaiopera nyimboyi unadza mu 1983, pamene oimba awiri a bandi ya reggae ya Splash anagamulidwa kukakhala kundende zaka zinayi chifukwa cha zimene anaimba pachisangalalo china, kuphatikizapo kutchula Nelson Mandela.

Chimbale cha 1981 chinatuluka m'nyengo yotereyi. Amene anawatsegulira khomo ku WEA anali Benjy Mudie, ndipo ayenera kuyamikiridwa chifukwa makampani ambiri sakanayerekeza. Chaka chimenecho boma linkakondwerera zaka 20 za ripabuliki yake, ophunzira a ku Witwatersrand anatentha mbendera, ndipo mu Ogasiti asilikali analowanso ku Angola ndi gulu lalikulu. Chimbalecho chinafika mpaka ku London, kumene John Peel, muulutsi wotchuka wa BBC amene anakweza mabandi ambiri a punk ndi reggae, anachiika pa pulogalamu yake. Kwa kanthawi zinaoneka ngati njira yatseguka. Koma kwawo akuluakulu a zachitetezo anali atachimva kale, kampani inapanikizidwa, ndipo chimbale chinasowa m'masitolo. Kunjako nako zinthu sizinali zophweka. Kumapeto kwa 1980 bungwe la United Nations linapempha maiko kuti asiye kugwirizana ndi South Africa pa zachikhalidwe, ndipo pempholi linali loyenera, koma silinkasiyanitsa bwino woimba wotumikira tsankho ndi woimba amene tsankholo likumupondereza. Chowawa n'chakuti mu 1981 momwemo Frank Sinatra anaimba ku Sun City, malo achisangalalo amene anamangidwa ku Bophuthatswana, kadziko kongopeka kamene boma la tsankho linapanga, n'kulandira ndalama zochuluka. Mlendo wolemera anali ndi nsanja yaikulu. Ana a dzikolo amene ankakana tsankho ndi moyo wawo watsiku ndi tsiku ankasowa holo yoimbiramo.

Anthu ambiri akamva za kuponderezedwa kwa oimba amaganiza za chikalata choletsa nyimbo kapena za woimba womangidwa unyolo. Zimenezo zinkachitika, koma njira imene apolisi achinsinsi ankaikonda inali ina, yachete ndi yotsika mtengo. Tikuidziwa bwino chifukwa cha nkhani ya Roger Lucey, woimba wina wa ku Johannesburg wa zaka zomwezo. Wapolisi wachinsinsi Paul Erasmus anadzaulula yekha m'zaka za m'ma 1990 mmene anaphera ntchito ya Lucey: kuopseza eni makalabu, kuopseza kampani ya zimbale, kumvetsera lamya yake, kutsegula makalata ake, ngakhale kuthira utsi wokhetsa misozi m'malo amene ankaimbira. Lucey ankangoona zitseko zikutsekeka osadziwa amene akuzitseka. National Wake inakumana ndi mtundu womwewo wa nkhondo, koma yawo inkawapeza pakhomo. Kadey wakhala akufotokoza kuti apolisi ankafika kunyumba ya ku Parktown pafupipafupi, masiku ena kangapo pa tsiku limodzi. Analibe chifukwa chovutikira kupeza mlandu. Chitupa chinalipo, lamulo la malo okhala linalipo, chamba nachonso chinali chifukwa chokwanira chofufuzira m'nyumba ya oimba reggae. Munthu sungapeke nyimbo ukumvetsera ngati galimoto yaima pageti. Boma linaidya bandiyi ngati mmene chiswe chimadyera nsanamira ya nkhokwe: kunja ikuoneka yoima, tsiku lina n'kungogwa popanda woikankha.

Inagwa mu 1982. Ndalama kunalibe, chimbale chimene anachiyembekezera chinali chitafa, malo oimbira ankachepa, ndipo anthu otopa ndi amantha amayamba kukangana okhaokha. Apa pali chinthu chimene sitiyenera kuchibisa pofuna kukometsa nkhani. Anyamatawa anagawana nyumba, chakudya ndi nsanja, koma sakanatha kugawana mofanana mtengo wa zimene ankachita. Kadey ndi Moni anataya zambiri, ndipo kulimba mtima kwawo n'kosakayikitsa, pakuti akanatha kukhala mwamtendere monga azungu anzawo ambiri amene anasankha kusaona. Koma bandi itatha, Kadey anali ndi maphunziro a yunivesite, pasipoti, ndi khungu limene wapolisi sankaliimitsa pamsewu. Gary ndi Punka anabwerera ku moyo wa chitupa. Ubale wawo unali weniweni, ndipo n'chifukwa chake tsankho limaoneka kuipa kwake konse pa nkhani imeneyi: linkatha kulowa ngakhale pakati pa anthu okondana n'kupatsa wina katundu wolemera kuposa mnzake.

Zimene Kadey anaphunzira pa imfa ya chimbale chija sizinapite pachabe. Anaona kuti woimba amene alibe pojambulira pake amakhala m'manja mwa kampani, ndipo kampani imakhala m'manja mwa boma. Pamodzi ndi Lloyd Ross anakonza situdiyo yoyenda, zipangizo zojambulira zoikidwa m'kalavani yokokedwa ndi galimoto, ndipo apo ndi pamene panabadwira Shifty Records. Kalavaniyo inapita mpaka ku Lesotho kukajambula chimbale choyamba cha Sankomota, bandi imene sinkaloledwa kuimba ku South Africa. Kadey anadzasamukira ku America, koma Shifty inapitirira m'manja mwa Ross, n'kujambula makwaya a mabungwe a anthu apantchito, mlakatuli Mzwakhe Mbuli, Kalahari Surfers, ndi oimba achinyamata a Chiafrikaans amene mu 1989 anayenda ulendo wa Voëlvry wodzudzula boma la makolo awo m'chinenero chake chomwe. Nyimbo zambiri zokana tsankho za m'ma 1980 zimene makampani akuluakulu anazikana zinapulumukira m'kalavani imeneyo.

Malamulo amene anaipha bandiyi sanakhalitse pambuyo pake. Zitupa zinathetsedwa mu 1986, lamulo la Group Areas mu 1991, ndipo mu 1994 anthu onse anavota. Reggae nayo inakula. Lucky Dube, amene Amalawi timamudziwa ngati wathu, anasiya nyimbo za mbaqanga n'kutulutsa Rastas Never Die mu 1984. Boma linachiletsa chimbalecho chaka chotsatira, koma iye anapirira mpaka anamveka dziko lonse. Johnny Clegg ndi Sipho Mchunu, amene bandi yawo ya Juluka inatulutsa chimbale choyamba mu 1979, anasautsidwanso ndi apolisi, zoimbaimba zawo zina n'kuimitsidwa pakati, koma anakhala ndi nyimbo zogulidwa kwambiri ndipo dziko limawakumbukira. National Wake inaiwalika. Chifukwa chimodzi, mmene ndikuonera, n'chakuti Juluka inkakulunga uthenga wake m'ndakatulo ndi m'magule a Chizulu amene ngakhale munthu wosafuna ndale ankatha kuwakonda, pamene National Wake inali ya m'tauni, yaphokoso, yotchula zinthu ndi maina ake, yopanda chovala chimene kampani ikanagulitsa kwa alendo. Chifukwa china n'chosavuta: zimbale 700 sizikwanira kusunga dzina m'dziko la anthu mamiliyoni ambiri. Dziko latsopano litayamba kulemba mbiri ya nyimbo za ufulu, linakumbukira amene anaimbira kunja monga Miriam Makeba ndi Hugh Masekela, ndiponso nyimbo za pamisonkhano ndi pamaliro a omenyera ufulu. Anyamata a m'chinyumba cha ku Parktown sanapezeke pamndandanda.

Chimene chinapulumutsa mbiri yawo ndi matepi. Kadey, amene anakhazikika ku Los Angeles n'kumagwira ntchito yake ya mapulani a nyumba, anasunga zimene anajambula, kuphatikizapo nyimbo zimene sizinalowe m'chimbale chija. Mu 2012 kunatuluka filimu ya Keith Jones ndi Deon Maas yotchedwa Punk in Africa, yofotokoza za nyimbozi ku South Africa, Mozambique ndi Zimbabwe, ndipo ambiri amene anaionera anatuluka akufunsa za National Wake. Mu 2013 kampani ya ku Seattle ya Light in the Attic inasonkhanitsa nyimbo zawo m'chimbale chotchedwa Walk in Africa 1979-81, ndipo nyuzipepala za ku Ulaya ndi ku America zinalemba za bandi imene kwawo inali itaiwalika. Mu 2022 Mirissa Neff anatulutsa filimu yonena za bandi yokhayi, This Is National Wake, yokhala ndi zithunzi zoyenda zimene zinajambulidwa m'masiku amenewo ndi kamera yaing'ono ya m'manja. M'zithunzizo mukuoneka anyamata akuseka, akunyamula zida, akuvina ndi anthu a mitundu yonse, zinthu zimene boma la nthawiyo linkauza dziko kuti n'zosatheka.

Ulemu umenewu unafika mochedwa kwa ena. Gary ndi Punka Khoza anali atamwalira kale pamene chimbale cha 2013 chinkatuluka. Sanawerenge zimene nyuzipepala zinalemba, sanafunsidwe mafunso, ndipo mbiri ya bandi yawo timaimva makamaka kuchokera kwa anzawo achizungu amene anatsala. Anzawowo amaifotokoza mwachikondi ndi mwaulemu, ndipo popanda iwo sitikanadziwa kanthu. Komabe mbali ya amene ankayenda ndi chitupa m'thumba, amene ankadziwa kuti galimoto ikaima pageti woyamba kutengedwa ndi iwo, sitidzaimva m'mawu awoawo. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa ngakhale pokumbukira, tsankho lija linasiya wina ali ndi pakamwa, wina alibe.

Nyimbo za National Wake zikupezeka pa intaneti masiku ano, ndipo aliyense wokonda reggae angazifufuze. Mukazipeza, yambani ndi International News, kenaka mumvere nyimbo zawo zodekha za reggae. Tcherani khutu ku besi ndi ng'oma. Amene akuimba pamenepo ndi Gary ndi Punka Khoza a ku Soweto.